Maziko a ku Omitutu

London, 14 Novembala 1999

Achemwali anga a Wosilatu,

Mtendere ukhale nanu. Mayi akudzuka bwanji? Mwendo uja ukuwavutabe? Kuno ine ndi mlamu wanu Simbi tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo takisi yanga ikumatsokomola m'mawa uliwonse isanalire.

Khalani pansi kaye. Ndagula malo. Osati ku Agege kapena ku Ikorodu kumene amagula aliyense, koma pa chilumba cha Omitutu, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Akampani anabwera kuno ndi zithunzi, nkuchititsa msonkhano mu holo ina ku Peckham. Achemwali, mukanaona. Mpanda kuzungulira, magetsi awoawo osazima, madzi a m'mipope, doko la maboti, mitengo ya kokonati ili ndandanda. Oyandikana nawo ndi madokotala ndi mabwana a mabanki. Ndiye pakati pawo padzakhale ine, Mufutau, mwana wa mayi wogulitsa nsomba zowamba ku Mushin. Aja ankatiseka pa mpopi kuti ndife a chipinda chimodzi adzayang'ana pansi.

Zonse zimene ndinasunga zalowa pamenepo, choncho za nkhosa ya Idi chaka chino mundikhululukire. Mapepala anga okhalira kuno sanatulukebe, ndikangotuluka m'dziko muno sadzandilolanso kulowa, ndiye maso anga ndinu. Muwatenge Mayi akaone malowo. Muwauzenso amalume a Lamidi kuti ntchito ya maziko ndi yawo, sindifuna mmisiri wachilendo.

Mundiyankhe msanga, mtima suli m'malo ndi chimwemwe.

Mlongo wanu,
Mufutau

*

Mushin, 5 Disembala 1999

Mufu,

Mtendere ukhale nawenso. Mwendo wa Mayi ndi womwe uja, ukatupa amaumanga kansalu, ukaphwa amauiwala. Kalata yako yafika pamodzi ndi mafuta opaka aja. Ulendo wina uzitumiza botolo lalikulu, kaja kanatha sabata yomweyo chifukwa mwadzidzidzi aliyense m'nyumba muno anayamba kumva mwendo.

Ndinawawerengera. Mufu, mayi ako anavina. Anadzuka pa mkeka ndi mwendo womwewo nkuvina m'khonde mpaka eni nyumba anasuzumira. Za magetsi osazima sanazimve nkomwe, za madokotala sanafunse. Anangoti, “Mwana wanga ali ndi dothi lake. Basi, ndapeza poikidwa.”

Iwe unali wamng'ono pamene Bambo ankamwalira. Poti tinali pa lendi, anakaikidwa ku manda a aliyense. Patapita zaka titapeza kandalama koti tikaikepo mwala, tinakapeza pamalopo pali dzina la munthu wina. Anakumba pomwepo nkuikapo mnzawo. Mpaka lero sitidziwa kumene kuli mafupa a bambo ako. Chiyambire tsiku limenelo Mayi akhala ndi mantha amodzi okha. Amati mkazi amene anabereka mwana wamwamuna amagona pakhomo pa mwana wakeyo, monga agonera amayi a anzathu onse, osati kukatayidwa kwa alendo.

Akuti ndilembe mawu awo momwe akuyankhulira, ndiye ndi awa:

“Mufutau mwana wanga, Mulungu akudalitse, ana ako adzakuchitire zimene wandichitira. Nyumba usaithamangire, ine zipinda sindizifuna. Undisiyire pang'ono pokha pafupi ndi khomo, pamene madzi a padenga sagwera. Uzidya, pa chithunzi chija waonda. Moni kwa mkazi wako.”

Langa ine ndi funso. Chifukwa chiyani pa chilumba? Mtunda wonse wa Lagos watha? Munthu akadwala aziyamba wafunafuna boti? Koma poti wagula kale, tikaona ikatha Ramazani. Amalume avomera, ati ndikuuze kuti simenti yakwera. Ya mankhwala usaiwale.

Mchemwali wako,
Wosilatu

*

Mushin, 23 Januwale 2000

Mufu,

Moni. Sunandiyankhe, koma nkhani iyi singadikire. Tinapita ku Omitutu kwakoko.

Mayi anavala lesi ija anasoketsa pa ukwati wako, duku lalitali ngati akupita kukalandira mphoto. M'boti la kampani anatseka maso ulendo wonse akupemphera, dzanja lawo lili pa ntchafu yanga mpaka ndinachita dzanzi. Pokongola ndi pokongola, sindinama. Mchenga woyera, mphepo yabwino, nyumba zingapo zatha kale, magalasi okhaokha. Pako pali zikhomo zinayi ndi nambala. Anationetsa ndi mtsikana wa kampani, nsapato zazitali pamchenga, akungotitimira ngati nkhuku m'matope.

Iye ali kalikiliki kuloza kuti apa padzakhala dziwe losambira, apo posewerera mpira, Mayi anandikoka nkuti, “Mufunse, ku Maka ndi kuti?” Mtsikana analoza. Mayi anayenda ndi ndodo yawo mpaka mbali imene kudzakhale khomo, analemba mzere pamchenga, kenaka anagona pansi ndi lesi yomweyo, chammbali, nkhope ku Maka. Mtsikana anakuwa kuti agogo akomoka. Mayi ali, “Muuze asachite phokoso, ndikuyesa.” Anadzuka akusasa mchenga, nkhope ili ngwee. “Pandikwana.”

Ndinamufunsa mtsikanayo m'Chingerezi, kuti Mayi asamve, ngati kuno munthu amaloledwa kuika mayi ake pakhomo. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Akuti, “Mayi, kuno si kumudzi. Nkhuku yomwe sitilola, ndiye mukunena maliro? Amene angayesere, kampani imafukula, malo nkulanda.”

Mayi anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akuti mchenga wa kuno ndi wofewa. Ndinanama, Mufu, ine amene ndangomaliza kumene kusala.

Tsopano undiuze. Unkadziwa kapena sunafunse? Ngati sunafunse, safunsa anadya phula, ndipo phula lake tikudya ndife. Ngati unkadziwa, ndiye sindikudziwa kuti ndikulembera ndani. Lamya ya a Raji oyandikana nafe ikugwira masiku ano, imba Lamlungu.

Wosilatu

*

London, 20 Febuluwale 2000

Achemwali,

Mtendere. Lamlungu lija ndinali pa msewu, masiku a mapeto a sabata ndi amene amatidyetsa kuno. Makalata anu onse awiri ndalandira.

Mwandilembera ngati ndapha munthu. Sindinkadziwa, ndipo kunena zoona sizinandibwerere m'mutu. Munthu akamagula nyumba amaganiza zokhalamo. Ine ndimafuna Mayi akhale pa khonde, mphepo ya nyanja ikuwawomba, aiwale utsi wa nsomba umene wawadya maso zaka zonsezi. Ndalakwa pamenepo? Chipinda cham'mwamba tidzachita lendi kwa azungu a makampani a mafuta, nyumba izidzidyetsa yokha. Simbi naye waikapo thukuta lake, amagwira ntchito ziwiri, sindingangodzuka nkumuuza kuti tasintha.

Komanso bwanji mukuwaika Mayi m'manda ali moyo? Ndi mwendo chabe. Adzaona zidzukulu pa chilumba chimenecho. Tsiku lakelo likadzafika, ndamva kuti kwatsegulidwa manda olipira, a mpanda, udzu wotchetcha bwino, munthu amagula malo ake mpaka kalekale. Kumeneko palibe amene angawafukule. Dziko likusintha, achemwali, si onse amene akuikabe makolo pakhomo.

Chonde musawauze kanthu. Amalume ayambe kukumba, ndatumiza ya simenti ndi mabuloko kudzera kwa mwana wa a Raji. Ya mankhwala ili momwemo.

Mundiuze maziko akafika pati. Mundijambulireko ngati nkotheka, zithunzi za kampani zija ndaziyang'ana mpaka zafufuma.

Mufutau

*

Mushin, 16 Epulo 2000

Mufu,

Moni, ngati moni ukumufunabe. Wati ndi mwendo chabe. Bwera udzauone mwendo chabewo. Kutupa kwafika m'mimba. Ku msika Mayi anasiya, nsima ya amala akumadya kambamu kamodzi nkukankha mbale. Adokotala akuti ndi mtima, ndipo ananditengera pambali poyankhula. Iwe ukudziwa tanthauzo lake adokotala akakutengera pambali.

Za manda ako a udzu ndinawayesa mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina. Anandiyankha kuti, “Udzu? Ndine mbuzi ine? Amene alibe ana ndiwo azipita kumeneko.” Nkutembenukira kukhoma.

Nsalu yoyera anagula kale ndi ndalama yawo, ili pansi pa pilo. Amalume akabwera kuchokera ku chilumba, asanakhale nkomwe pansi, funso ndi lomwelo: “Lamidi, mwafika pati? Pamzere panga simunapondepo?” Amalume amangoti zili bwino achemwali, kenaka amatuluka panja kukapukuta maso. Maziko akwera mpaka m'chiuno poti pansi pali madzi pafupi, athiramo mchenga, chatsala ndi konkire ya pamwamba. Azimayi a ku mzikiti onse auzidwa kale kuti Mayi a Wosila akagona kunyanja, kwa mwana wawo wa ku London. Ine ndikamva ndimangolowa m'nyumba.

Chikomekome cha mkuyu, Mufu, m'kati muli nyerere. Gulitsa malo amenewo. Ku Ikorodu kuli malo a anthu wamba, amalume awaona, kuli mtengo wa mango ndi chitsime. Zipinda ziwiri zokha ndi khonde, mayi ako agone pakhomo pako ngati munthu amene anabereka. Madokotala akowo sadzakudziwa ngakhale utakhala nawo mpanda umodzi. Adzakuitana kuti uwaperekeze ku bwalo la ndege.

Ndikudziwa kuti mawu awa akupweteka. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndatopa kunama m'mawa ndi madzulo, ndipo ndili ndi mantha. Ukachedwa, ine ndidzachita zimene ndidzachite, usadzandifunse.

Lamya ya a Raji yafanso ndi mvula yoyamba. Lemba.

Wosilatu

*

London, 2 Juni 2000

Achemwali anga,

Mtendere ukhale nanu. Mayi ali bwanji? Muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndakhala chete chifukwa kalata yanu inandikwiyitsa, ndipo nditasiya kukwiya inandichititsa manyazi. Ndinayenda nayo m'galimoto milungu yonseyi. Tsiku lina ndinanyamula mayi wina wokalamba wa kwathu, wa ku Abeokuta, akupita ku chipatala yekhayekha. Potsika anandidalitsa m'chiyankhulo chathu. Ndinaimika galimoto pambali, sindinathe kuyendetsa.

Mwapambana, achemwali. Ndagulitsa. Simbi analira, tinakangana mpaka oyandikana nafe anagogoda khoma, koma pamapeto pake anasaina. Wagula ndi Dokotala Ogunbiyi, wa kuno konkuno, amene anachedwa pa msonkhano uja nkupeza malo a m'mphepete atatha. Watenga ndi maziko omwe. Zonse tamaliza dzulo kwa loya, malo ndi ake tsopano. Amalume amalize konkire poti simenti inagulidwa kale, kenaka achokeko, dokotala ali ndi amisiri ake.

Ndalama ikubwera. Amalume agwire malo a ku Ikorodu aja, a mango ndi chitsime, ayambe nthawi yomweyo. Tsopano mukhoza kuwauza Mayi zoona zonse. Muwauze kuti Mufu anapusa koma wachangamuka, ndipo pafupi ndi khomo ndi pawo, asankhe okha mbali.

Ndayesa lamya ya a Raji kangapo, ingolira ngati njuchi. Kalatayi ndapatsira mnzanga Tajudeen amene akunyamuka mawa, ndiye ifika msanga kuposa ya pa positi.

Lero ndigona tulo.

Mlongo wanu,
Mufutau

*

Mushin, 11 Juni 2000

Mufu mlongo wanga,

Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera. Uthenga ndinasiya pa makina a lamya yako uja, ndikhulupirira unaumva. Mayi anatisiya Lachisanu m'mamawa. Sanavutike kwambiri. Zina zonse sindikanatha kunena pa lamya ya pa sitolo, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga makutu ali tcheru. Kalatayi ukawerenga uiotche.

Chiyambire Febuluwale sindinalandire mawu ako, ndiye ndinaganiza ndekha. Lachinayi Mayi anandiitana nkuti, “Wosila, boti lija ndimaliopa, koma ulendo uno sindiliona.” Anaseka. Ndiye iwe ukanakhala ine ukanatani? Maliro athu sagona, dzuwa lisanalowe munthu ayenera kukhala m'dothi. Ndikanawatengera kumene tinataya Bambo?

Tinawasambitsa, tinawapempherera ku mzikiti. Anthu tinawauza kuti boti ndi laling'ono, apite ochepa. Amalume anabwereka bwato limene amanyamulira zipangizo. Mayi tinawagoneka pakati pa matabwa a konkire, pamwamba lona, m'mbali matumba a simenti. Ashehe anavula mkanjo nkuvala malaya ong'ambika a amalume, beseni la mchenga pamutu. Ukanawaona, Mufu, Mayi akanaseka mpaka kutsokomola.

Pa doko mlonda wachikulire, Mhausa, anakweza lona pang'ono. Anaona nsalu yoyera. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi. Kenaka anabwezeretsa lona, ananong'ona pemphero, nkutsegula chipata. Sanapemphe kanthu.

Panja pakanaonekera, ndiye amalume anakumba m'kati mwa maziko, m'chipinda chakutsogolo, kuyandikana ndi khomo. Ndi pafupi kwambiri ndi pamzere pawo paja. Agona chakumanja, nkhope ku Maka. Ine ndinaima patali monga mwa mwambo, koma ndinaona zonse. Dzulo athira konkire nyumba yonse, yasalala bwino, palibe angadziwe.

Ukwiye ngati ukufuna. Za Ikorodu ndinakuuza zija zisiye, unachita bwino kusandimvera. Mayi ako ali m'nyumba mwako, pa dothi lako, ndipo palibe amene adzaikepo dzina la munthu wina. Mtima wanga wakhala pansi koyamba chaka chino. Manga nyumba yako, udzakhalemo ndi azungu akowo m'mwamba, ine sindidzayankhulanso.

Mchemwali wako,
Wosilatu

*

London, 28 Juni 2000

Achemwali,

Sindikudziwa poyambira. Uthenga wa pa makina ndinaumva tsiku lomwelo, ndinalira ndekha m'galimoto. Ndinkadzitonthoza kuti kalata yanga inafika Mayi ali moyo, anamva za Ikorodu. Dzana ndi pamene ndamva kuti Tajudeen anasintha ulendo, anakhala milungu iwiri kalata yanga ili m'thumba la jekete. Dzulo yanu yafika. Pofika pano yanganso mwaiwerenga.

Achemwali, ndagulitsa Mayi.

Ndinathamangira kwa Dokotala Ogunbiyi ku chipatala kwake. Ndinamudikirira pa khonde ngati wodwala. Ndinamupempha andibwezere malo, ndimuwonjezera pamwamba, takisi ndigulitsa. Anaseka, akuti, “Bwanji a Mufutau, mwapezako mafuta pansi pake?” Akuti mkazi wake wapita kale kukaona, wawakonda, mapulani asintha pang'ono koma maziko asunga momwemo poti ndi olimba. Ndinagwada, achemwali, ine bambo wamkulu, pa khonde la chipatala azungu akudutsa. Anandidzutsa nkundiuza kuti ndipite ndikapume.

Pakamwa panga panatsala pang'ono kunena. Ndikamuuza, mwina achita mantha nkundibwezera. Koma mwinanso akauza kampani. Simbi sakudziwa. Sindikudya, sindikugwira ntchito, ndikungozungulira m'nyumba. Ndiuzeni chochita, inu ndinu wamkulu. Ndimuuze?

Mufu

*

Mushin, 23 Julayi 2000

Mufu,

Mtendere ukhale nawe, ndipo ulendo uno ndikunena kuchokera pansi pa mtima. Kalata ya Tajudeen inafika konkire itauma kale. Ndinaiwerenga pa mpopi, anthu anachita kundinyamula. Masiku angapo ndinkakutukwana, kenaka ndinkadzitukwana. Iwe unamvera ine, ine ndinamvera Mayi. Madzi akatayika saoleka.

Usamuuze. Wamva? Usamuuze dokotalayo, usamuuze Simbi, usadzawauze ana ako. Munthu wophunzira ngati ameneyo sangagone pamwamba pa manda, ndipo sangakubwezere mwakachetechete. Adzaitana kampani, adzabwera ndi zitsulo zoswera konkire ndi apolisi, amalume ndi ashehe adzamangidwa, ndipo Mayi adzawatulutsa masana anthu akuonerera nkukawataya kumene ankakuopa kuja. Pamene alipo palibe adzawasuntha. Nyumba ya munthu wolemera sigwa msanga.

Lachitatu linali tsiku la makumi anayi chimwalirire Mayi. Tinaphika, tinagawa akara, zitumbuwa za nyemba zija, ku mzikiti monga mwa mwambo, kenaka ine, amalume ndi ashehe tinapita. Pa doko anatibweza. Mlonda uja anamusamutsa, amene alipo ndi anyamata a mayunifolomu, akuti wopanda kalata ya mwini malo salowa. Tinachita hayala bwato la msodzi nkuzungulira mbali ya kunyanja. Msodzi anazimitsa injini, ashehe anapemphera tili pamadzi, mafunde akutikankha uku ndi uku, ine ndikusanza.

Makoma afika pa mawindo. Ndinaona mayi wina wa chipewa chachikulu ataima pakhomo penipeni, akuloza amisiri. Anatiyang'ana, mwina anayesa tikugulitsa nsomba, anatikwezera dzanja kuti sakufuna. Ine ndinakweza langa. Sindinkamupatsa moni iyeyo.

Zandipweteka, Mufu. Mayi anabereka mwana wamwamuna, ndipo akugona pakhomo pa mwana wa mkazi wina. Ndikafuna kuwaona ndiyenera kubwereka bwato.

Ndalama yako inafika. Amalume anafunsa ngati tiibweze, poti Mayi amene timawagulira malo ku Ikorodu kuja kulibenso. Ndawauza agule. Akalipira mawa, ndipo ndapita kale kukaona. Chitsime chili ndi madzi, mango akubereka, msewu ndi woipa koma munthu amafika ndi miyendo yake.

Sabata yatha ndinapita kwa adokotala aja chifukwa mapazi anga ayamba kutupa madzulo. Akuti ndichepetse mchere. Mwina si kanthu.

Manga msanga, Mufu. Inenso ndikadali pa lendi.

Mchemwali wako,
Wosilatu